KUCIRITSA DZINO LOPWETEKA POPANDA KULIZULA

Pa tsiku la 17 June m'caka ca 1921, anthu okumba mtobvu ndi zinki mu mgodi wa ku Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe, anafukula cibade ca munthu wakalekale. Amene anacitola ndiye Tom Zwiglaar pamodzi ndi mnzace wa nchito wa m'dziko lino, amene dzina lace silinalembedwe. Cibadeco anapita naco ku London, ndipo ciri komweko kufikira lero. Akatswiri amene anacipima m'caka ca 2020 anapeza kuti mwini wace anakhala ndi moyo zaka ngati 300,000 zapitazo. Koma cimene cimadabwitsa madotolo a mano ndi ici: mano khumi a kumwamba ali obooka, ndipo pa pfupa lozinga mizu ya mano ena pali maenje amene mafinya anadya. Munthu uja sanalawepo tiyi wa shuga, komabe anagona masiku ambiri atagwira tsaya, wopanda womthangata.

Munthu wa ku Kabwe, ku Kitwe kapena ku Lusaka amene dzino lamsautsa lero ali ndi njira ziwiri. Yoyamba aidziwa onse: kupita ku cipatala m'mamawa ndi kunena kuti, "Zulani." Yaciwiri ndiyo kucotsa cimene cadwala m'kati mwa dzino, kutsukamo, ndi kutsekamo, dzino lenilenilo ndi kutsala m'kamwa likugwira nchito yace. M'zipatala nchito imeneyi amaichula root canal.

Dzino si mwala ai. Kunja kwace kuli khungwa loyera lochedwa enamel, ndipo m'thupi lonse la munthu mulibe cinthu colimba koposa ilo. Pansi pa khungwalo pali mnyanga wacikasu, wofewerapo. Pakati peni peni pali kacipinda, ndipo m'menemo mukhala kamnofu kofiira ka mitsempha ya mwazi ndi mitsempha yomvera ululu. Kameneka ndi mtima wa dzino, monga umo phesi la cimanga liri ndi mtima wace wofewa. Kucokera m'kacipindako, tinjira topapatiza titsika ndi mizu kufikira ku nsonga, kumene mitsempha iturukira kulowa m'pfupa la nsagwada. Dzino la kutsogolo kawiri kawiri liri ndi muzu umodzi ndi kanjira kamodzi. Dzino lalikuru lotafunira la kumbuyo liri ndi mizu iwiri kapena itatu, ndi tinjira titatu kapena tinai, tina tokhota ngati mbedza.

Makolo pa maiko ambiri anali kukhulupira kuti m'dzino lobooka muli kamphutsi kamene kafumbwa dzino monga nankafumbwe m'nkhokwe. Dotolo wa ku France, Pierre Fauchard, anakana nkhani ya mphutsiyo m'buku lace la 1728, ndipo m'caka ca 1890 W. D. Miller anaonetsa cimene cicitika ndithu. Tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tikhala m'litsiro la pa mano, timadya shuga ndi zotsalira za cakudya, ndi kuturutsa asidi. Asidiyo asungunula khungwa pang'ono pang'ono kufikira paboola. Makolowo sanaphonye kwambiri. Cirombo cinalimo ndithu, koma cacing'ono koposa umo anaganizira.

Dzenje likali losaya, dzino limangonyerenyetsa pakumwa madzi ozizira kapena pakudya zotsekemera, ndipo ululuwo utha msanga. Pamenepo nchito njacing'ono: dotolo apala pobvundapo ndi kumata. Koma tizirombo tikafika ku mtima, mtimawo utupa. Cala cikatupa ciri ndi malo otupira. Mtima wa dzino ulibe, pakuti watsekeredwa m'cipinda ca makoma osafutukuka. Ndico cifukwa cace ululu wa dzino umagunda ngati ng'oma, umakula munthu akagona pansi, ndipo umayamba wokha popanda coudzutsa. Tiyi wotentha auonjezera. Ena afikira pa kusunga madzi ozizira m'kamwa usiku wonse kuti apezeko mpumulo.

Tsono pali cinyengo cimene cataitsa anthu ambiri mano. Atapita masiku, ululu uja umangoleka, ndipo munthu ayesa kuti wacira, kapena kuti mankhwala amene mnzace wa pa komboni anampatsa agwira nchito. Cimene cacitika ndi cakuti mtima wa dzino wafa, ndipo wakufa samva kuwawa. Tizirombo tiri m'katimo tidakadya mnofu wakufawo, ndi kutsika ndi tinjira tija kufikira ku nsonga ya muzu. Kumeneko pfupa liyamba kudyeka ndipo mafinya asonkhana. Munthu wa pa mgodi adziwa kuti madzi otsekeredwa safunsa njira. Aboola pamene pali pofooka. Mafinya nawo atero. Nthawi zina aturukira pa usinini ngati kaphundu kophulika ndi kubweranso, nthawi zina atupitsa tsaya lonse. Dzinolo limamveka ngati latalika kuposa anzace, ndipo kuluma nalo nkosatheka.

Mapiritsi opha tizirombo sangathe kuciritsa nthenda imeneyi. Mankhwala akumwa ayenda m'thupi ndi mwazi, ndipo m'dzino lakufa simulowanso mwazi. Cotupa ca pa tsaya cikhoza kuphwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma gwero lace liri cikhalire. Kuika aspirin pa usinini kumangopsereza mnofu. Kuti tizirombo ndito mwini mlandu anatsimikiza Kakehashi ndi anzace ku America m'caka ca 1965. Iwo anaboola mano a makoswe a magulu awiri. Makoswe wamba mitima ya mano ao inabvunda ndi kucita mafinya; makoswe oleredwa m'malo opanda tizirombo konse, mano ao anapola okha ngakhale anali obooka. Motero nchito yonse ya dotolo ndiyo kuturutsa tizirombo m'dzino ndi kutitsekera kunja.

Asanagwire cida ciri conse, dotolo ayamba wajambula dzino ndi X-ray, kuti aone mizu, kukhota kwace, ndi mthunzi wakuda ku nsonga ngati pfupa ladyeka. Kuwala kumeneku anakupeza Wilhelm Röntgen m'caka ca 1895, ndipo pa ciyambi ca 1896 Otto Walkhoff wa ku Germany anajambula mano ace a iye mwini, atakhala cete mphindi 25. Lero cithunzi cituruka m'kuphethira kwa diso.

Pamenepo abaya jekeseni wocititsa dzanzi. Mbiri yoipa ya nchito imeneyi inacokera ku masiku akale, pamene madotolo anali kupha mtima wa dzino ndi waya wamoto kapena ndi arsenic, ndiwo ululu wakupha. Mankhwala a dzanzi ochedwa lidocaine, amene anapangidwa ku Sweden m'caka ca 1943, anasintha zonsezi. Kunena zoona, dzino lotupa kwambiri m'kati nthawi zina licedwa kucita dzanzi. Wodwala sayenera kupirira mwacimuna, koma akweze dzanja, ndipo dotolo adzaonjeza mankhwala.

Dzino litacita dzanzi, alibveka kansaru ka mphira kobooka pakati, kotero kuti dzino lokhalo liturukira pamwamba, kamwa lonse liri pansi. Kansaruka anakayamba Sanford Barnum wa ku New York m'caka ca 1864, ndipo nkofunika kufikira lero: kachinga malobvu, amene ali odzala ndi tizirombo, ndiponso kaletsa tizitsulo tating'ono kugwera ku mmero.

Tsono dotolo aboola pamwamba pa dzino kufikira m'kacipinda, monga umo akumbira shafuti asanayambe kutsata mtsempha wa mwala. Afunafuna pakamwa pa kanjira kali konse, pakuti kamodzi kakaphonyeka nthenda idzatsalira momwemo. Apima utali wa kanjirako ndi X-ray kapena ndi kamakina ka magetsi kamene kalira cida cikafika ku nsonga. Mano ambiri atalika mamilimita 20 kufikira 27, ndipo dotolo safuna kulekeza panjira kapena kupyola. Cida cace cacikuru ndi katupa konga singano. Tina ntating'ono kotero kuti nsonga yace ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Ayamba ndi kocepa, natsatiza kokulirapo, kupala makoma ndi kukuza njira. Kuyambira m'caka ca 1988 kunabwera timatupa ta citsulo cosanganiza nickel ndi titanium, timene tipindika motsata muzu wokhota ndi kuongokanso.

Koma tupa safika ponse. Tinjira ta m'muzu tiri ndi nthambi ndi ngodya, ndipo m'menemo mufika madzi okha. Cifukwa cace dotolo atsuka kawiri kawiri ndi sodium hypochlorite, mankhwala omwe aja ali mu Jik woyeretsera zobvala, koma osungunulidwa pa muyeso wace. Henry Dakin anatsuka nawo zironda za asilikari m'caka ca 1915, pa nkhondo yoyamba ya maiko onse. Mankhwalawa asungunula mnofu wakufa ndi kupha tizirombo. Ali aukali, ndipo munthu asayese konse kuwathira m'dzino kunyumba. Ngati m'dzino mudakaturuka mafinya, dotolo aikamo phala loyera la calcium hydroxide, ndiye mbale wace wa laimu amene anthu a ku migodi amdziwa bwino, natseka ndi comata ca kanthawi. Wodwala abweranso itapita sabata imodzi kapena ziwiri. Apa ndi pamene ambiri alakwa: ululu watha, ndalama ya ulendo njosowa, ndipo sabwerera. Comata ca kanthawi cikaguluka, tizirombo tilowanso m'nyumba yosesa, ndipo dzino limene likadapulumuka lifikira pa kuzulidwa.

M'kati mutayera ndi kuuma, tinjira tija atidzaza ndi timitengo tofewa ta gutta-percha, pamodzi ndi phala lomatira. Gutta-percha ndi utomoni wa mitengo ya ku Malaya ndi zisumbu za kumeneko. Ndi utomoni womwewo anakuta waya wa mkuwa wotumizira mauthenga umene anayala pansi pa nyanja pakati pa England ndi France m'caka ca 1851, pakuti subvunda m'madzi. Ndipo madotolo anayamba kutsekera nawo mizu ya mano ca m'ma 1867. Pamwamba aika comata cokhalitsa. Dzino lotafunira la kumbuyo, limene lataya mnyanga wambiri, lifunika cipewa ca citsulo kapena ca dothi loumba, cifukwa popanda ico likhoza kung'ambika pa pfupa la nyama kapena pa cimanga cokazinga. Masiku awiri kapena atatu dzinolo limamva kuwawa polumira, kenaka lizizira. Silimvanso kutentha kapena kuzizira, koma muzu wace uli wogwirana ndi pfupa lamoyo monga kale, ndipo dzenje lija la mafinya lidzazidwa ndi pfupa latsopano pa miyezi ingapo.

Nanga bwanji osangozula, popeza kuzula nkocipa ndipo kutha tsiku limodzi? Funso limeneli nloyenera, makamaka kwa munthu wa ana asanu. Nthawi zina kuzula ndiko nzeru: dzino long'ambika kutsika ndi muzu, dzino lobvunda kufikira pansi pa usinini, kapena logwedezeka cifukwa pfupa latha, palibe angalipulumutse. Ndiponso si cipatala ciri conse ciri ndi zida ndi dotolo wa nchitoyi. Koma gwelu sakhala cabe. Mano a m'mbali apendekera m'mpatamo, dzino lopenyana nalo litsika posowa mnzace wolumana naye, ndipo pfupa la pamenepo liphwa. Dzino loikirira nlodula koposa, ndipo silifanana ndi lobadwa nalo. Munthu wamkuru apatsidwa mano 32, ndipo palibe omera kacitatu. Madotolo eni ace anaphunzira izi mowawa. M'caka ca 1910 William Hunter wa ku England ananena ku Montreal kuti litsiro la m'kamwa ndilo gwero la nthenda zambiri za m'thupi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi mphambu anthu osawerengeka ku Ulaya ndi ku America anazulidwa mano, ena kamwa lonse, pofuna kuciza nyamakazi. Nyamakaziyo siinacoke. Lero kuwerengera kuonetsa kuti mwa mano khumi ociritsidwa mizu, ngati asanu ndi anai akhala m'kamwa zaka zambiri; ndipo lina likadwalanso, akhoza kulitsegula ndi kulitsukanso, kapena kudula nsonga ya muzu kupyolera pa usinini.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira tsiku la malipiro. Cotupa cikatsikira pansi pa cibwano ndi ku khosi, kapena cikakwera kufikira kutseka diso, munthu akatentha thupi, akalephera kuyasamula kapena kumeza malobvu, apite ku cipatala cacikuru nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Cotupa cotere cikhoza kutseka njira ya mpweya, ndipo anthu amafa naco. Wodwala nthenda ya shuga acenjere koposa.

Kubvunda si njira yokha yophera mtima wa dzino. Nkhonya, mpira, kugwa pa njinga kapena citsulo ca pa nchito zikhoza kudula mitsempha ku nsonga ya muzu, ndipo dzino, ngakhale losabooka, liyamba kuda patapita miyezi. Lotere nalonso liciritsidwa ndi njira yomweyi. Dzino la munthu wamkuru likaguluka lonse ndi muzu womwe, aligwire ku mutu, osati ku muzu. Ngati lada alitsukuluze pang'ono ndi mkaka, osalipala. Ndipo alibwezere m'dzenje lace, nalume kansaru. Zikakanika, aliike m'kapu ya mkaka ndi kuthamangira kwa dotolo, pakuti muzu ukauma koposa ola limodzi timinofu ta pa khungu lace tafa. Dotolo alimangirira ku mano anzace ndi kawaya, ndipo asanathe masabata awiri acotsa mtima wace ndi kutsuka kanjira. Dzino la mkaka la mwana wamng'ono lokha ndilo salibwezera, kuopa kupweteka dzino lacikulire limene liri kukula pansi pace.