Kodi Amene Amawongola Fupa la Mwana Wanu Anaphunzira Motani?

Amayi anzanga, nyengo ya mango ikafika, m'zipinda za ana m'zipatala mumachuluka timikono tothyoka. Mwana akagwa mumtengo timathamanga naye mtima uli m'mwamba, ndipo aliyense wovala zoyera timangomutcha adokotala. Komatu nkofunika tidziŵe maphunziro a anthu amene timaŵaikiza mafupa a ana athu.

Pa chipatala cha pa boma, amene amatilandira kaŵirikaŵiri ndi Orthopaedic Clinical Officer. Maphunziro ameneŵa anayamba m'chaka cha 1985 ku Blantyre, pamene Dr Edward Blair wa ku Canada anaona kuti madokotala a mafupa ngosoŵa m'dziko muno. Ankasankha anthu ozoloŵera kale ntchito ya chipatala, nkuŵaphunzitsa miyezi 18 kuwongola fupa, kumanga chikhakha, kukoka mwendo wothyoka pantchafu ndi kutsuka bala limene fupa latulukira kunja.

Kodi miyezi 18 njokwanira? Pa mathyokedwe ambiri a ana njokwanira ndithu, pakuti fupa la mwana limalumikizana msanga likagonekedwa bwino. Popanda anthu ameneŵa, mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje bwenzi akuyenda ulendo wautali chifukwa cha kamkono chabe. Vuto ine ndimaliona pambuyo pa mayeso. Munthu amatumizidwa kutali, kumene kulibe wamkulu womuyang'anira, mwina ndi makina ojambulira atawonongeka. Maphunziro aŵe abwino chotani, luso limazilala ngati palibe wokuwongolera.

Taganizirani bambo wa kunyumba atathyoka fupa la ntchafu. Akamukoka mwendo ndi zolemera, amagona pabedi masabata 6 kapena kupitirira, mayi akuphikira ku khitchini ya odikirira odwala, munda uli thengo. Akamuika chitsulo m'kati mwa fupa, amadzuka ndi ndodo patangopita masiku oŵerengeka. Opaleshoni yotereyi imafuna dokotala weniweni wa mafupa, amene atatsiriza udokotala amaphunziranso zaka zingapo. Ku bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, maphunziroŵa amatenga zaka 5. Wophunzira amalemba opaleshoni iliyonse imene wachita kapena kuthandizira, ndipo pomaliza amafunsidwa mafunso ndi madokotala a maiko ena. Kuyesa kotereku ndimakukonda, chifukwa mlendo sakondera. Malo ochitira ntchito yotere aonjezeka: chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo cha LION ku Lilongwe mu 2023.

Ife amayi sitiona mapepala a mayeso, koma tili ndi muyeso wathu. Wophunzira bwino akamanga chikhakha amagwira zala za mwana, namuuza kuti azigwedeze. Amakuuzani tsiku lobweranso, nakulangizani kuti mkono uzikhala mokwezeka ndiponso chikhakha chisanyowe. Amakuchenjezaninso kuti zala zikatupa, zikazizira, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira, mubwerere nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, pakuti chikhakha chothina chimatseka magazi ndipo dzanja lingathe kupuwala. Akaiŵala kunena zimenezi chifukwa cha mzere wautali, funsani ndinu musanatuluke pakhomo.