Mboni ya Kukomboni Tsopano Ilumbira Kamodzi Basi

Ife ana a m'makomboni a ku Marondera, amene agogo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete kudzalima fodya kuno, tili ndi chotisangalatsa. Ndi nkhani ya lamulo lolembedwa ku Harare, koma ubwino wake wafika mpaka ku balani.

Kale mlandu waukulu, monga wakupha munthu, unkayenda njira yokhotakhota. Munthu akafa pa ndewu ya pamowa tsiku la malipiro, nkhani inkayamba yapita kwa majisitireti kuti akaipime ngati ili ndi mutu. Mboni zinkaitanidwa, n'kulumbira, n'kufotokoza zonse, mawu awo n'kulembedwa. Komatu majisitiretiyo analibe mphamvu yogamula. Zolembazo zinkatumizidwa kwa Attorney-General, ndipo iye akati mlandu upite ku High Court, mboni zomwe zija zinkaitanidwanso kukabwereza zomwezo ku Harare, mtunda wa makilomita oposa 70.

Kwa munthu wa pafamu umenewu unali mtolo. Kawiri konse ukaime pamaso pa kapitawo kupempha tsiku, mwina fodya atapsa m'munda, iye akukuyang'ana ngati ndiwe wapalamula. Aganyu nawo sakhalitsa: fodya akatha kugiredi, wina walowera ku Macheke, wina ku Wedza, wina wabwerera kumudzi. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mboni imasamuka, imaiwala, imamwalira. Yotsalayo inkakumana ndi loya atanyamula mawu ake akale, amvekere: “Bambo, kwa majisitireti paja munati kunali mdima, lero mukuti kunali mwezi?” Chonsecho mkuluyo analankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chishona, womasulira n'kulemba m'mene anamvera. Nthawi yonseyi woganiziridwa ali pa rimandi, anamfedwa akudikira.

Mu 2006 aphungu a Zimbabwe anasintha lamulo la Criminal Procedure and Evidence Act, n'kuchotseratu kafukufuku wa kwa majisitireti uja. Eee, koma ndiye anatipeputsa! Pansi pa gawo 66, mkulu wa oimira boma pa milandu akaona kuti pali zifukwa zomveka zomuganizira munthu, amangotumiza chikalata kwa majisitireti chonena kuti mlandu ukupita ku High Court. Woimbidwa mlandu amapatsidwa mapepala m'manja: mlandu umene akumuzenga, tsiku lozengera, mayina a mboni za boma, ndi chidule cha zimene mboni iliyonse ikanene. Iye ndi loya wake amakonza yankho akudziwa bwino chimene chikubwera. Pa mlandu wakupha, wosauka amapatsidwa loya wosalipira. Ndipo mayi wa kukomboni amene anaona ndewu ija, akapereka sitetimenti kupolisi, amakalumbira kubwalo kamodzi, pamaso pa jaji ndi anthu awiri omuthandiza kuweruza. Kamodzi basi, n'kubwerera kukasamala ana.

Chimene chimandikomera kwambiri ndi gawo 160. Likuti munthu akatumizidwa ku High Court, boma lili ndi miyezi 6 yoti liyambe kumuzenga. Miyeziyo ikatha popanda kanthu, pamene iye analipo ndithu, mlanduwo uyenera kuchotsedwa m'bwalo. Munthu wamba ali ndi tsiku loti aziwerengera, ndipo amene akuthamangitsidwa ndi kalendala ndi boma.

Wina afunsa ngati si zoopsa kuti munthu mmodzi, mkulu wa oimira boma uja, akhale ndi mphamvu yotumiza mlandu ku High Court payekha. Funsolo n'lomveka, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 anachitapo kanthu. Ntchito yozenga milandu inachotsedwa m'manja mwa Attorney-General, amene ndi mlangizi wa boma, n'kuperekedwa ku bungwe loima palokha la National Prosecuting Authority lotsogoleredwa ndi Prosecutor-General. Mu 2023 udindowu unapita kwa mayi Loice Matanda-Moyo. Madoketi amachedwabe kupolisi, anthu amakhalitsabe pa rimandi asanatumizidwe ku High Court, ndipo zimenezi tizidzudzula mokweza. Koma khomo limodzi lochedwetsa linagwetsedwa, ndipo sindibisa kukondwa kwanga.

Malamulo omwewo a 2013 anatipatsanso zina ziwiri zokoma. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, amene zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi alendo, anazindikiridwa kukhala nzika. Mdzukulu wa munthu amene ankanyozedwa kuti “Mubhurandaya” akulowa m'bwalo ngati mwini dziko.

Tsono abale anga a ku Marondera, samani ikakupezani kukomboni musathawire kumunda. Pitani mukanene zimene munaona, ndipo ngati Chingerezi kapena Chishona chikukuvutani, pemphani womasulira Chichewa. Ngati m'bale wanu watumizidwa ku High Court, lembani tsikulo pa pepala, muwerenge miyezi 6, ndipo ikamatha kam'kumbutseni loya.