Kuvomereza, Kulembetsa ndi Kusaina

Mwina munamvapo munthu akunena kuti, "Nkhani yathu inatha bwino, amfumu anavomereza." Koma tsiku la mlandu likafika, bwana wa mu ofesi amafunsa kuti, "Nanga kalata ili kuti?" Munthu uja amangoti kakasi. Amfumu anavomerezadi, koma palibe chimene chinalembedwa. Tsono popeza mwayamba kuŵerenga, ndi bwino muwadziŵe mawu ameneŵa, chifukwa safanana ayi.

Tiyambe ndi ukwati, pakuti tonse timaudziŵa. Mnyamata ndi mtsikana akakondana, timati agwirizana. Izi ndi za aŵiri okha. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi akakumana nachita chinkhoswe, timati abale avomereza. Onani kusiyana kwake: mtsikana amavomera, kunena za iye mwini, koma ankhoswe amavomereza, chifukwa ali ndi udindo pa anawo. Apo mudzi wonse wadziŵa kuti ili ndi banja, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 limauŵerengera ukwati wa mwambo wotere.

Amene ali Akatolika amapitanso ku parishi ya Mua. Ukwati umayamba walengezedwa m'tchalitchi, kuti wodziŵa choletsa anene. Kulengeza ndi kuuza anthu poyera chabe, sikumanga ukwati. Tsiku lake likafika wansembe amadalitsa, kenaka maina a okwatirana ndi a mboni zawo amaloŵa m'buku. Uku ndiko kulembetsa. Kulemba mumalemba nokha, ngakhale pa chikopa cha mbuzi. Kulembetsa mumapita kwa munthu amene ali ndi udindo wosunga kaundula, kuti aikemo dzina lanu. Ndi zimene tinachita mu 2017 pamene Boma linkalemba anthu m'dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902. Ansembe oyamba aja anapita kalekale, ndipo ankhoswe a masiku amenewo nawonso kulibe. Mkangano ukabuka lero, wakufa sitingamuitane, koma buku tingalitsegule.

Ufumu nawonso uli ndi mawu ake. Akubanja amasankha, Boma limavomereza, ndipo pambuyo pake mfumu imalongedwa anthu akuona. Ndi mmene Inkosi Theresa Kachindamoto analoŵera ufumu mu 2003, nalamulira dera lathu lino kufikira imfa yawo mu 2025. Mayi ameneŵa anatiphunzitsa liwu lina, kuthetsa. Anathetsa maukwati mazanamazana a ana aang'ono, nabweza anawo ku sukulu. Mwina mufunsa kuti, anathetsa bwanji maukwati amene makolo anali atavomereza? Yankho lake ndi lakuti kuvomereza kwa makolo sikungapose lamulo. Lamulo la mu 2015 lija linaika zaka 18 kuti ndizo zoloŵera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi.

Inkosi sanakhulupirire mawu a pakamwa okha. Anaitana mafumu a pansi pawo kuti asaine pangano loleka maukwati otere. Ena atapezeka kuti akulolabe, anaimitsidwa pa udindo. Sakanatha kukana, pakuti dzina linali pa pepala.

Apa ndiye tafika pa inu. Kale munkadinda chala. Ena munkachita manyazi kubwera ku nyumba chala chili bii ndi inki. Lero mukulemba dzina lanu, ndipo ine ndimakondwa ndikaona mayi wachikulire akukana inki napempha cholembera. Komabe pali chimene chimandidetsa nkhaŵa. Ena, chifukwa cha chimwemwe, amasaina msangamsanga kuti anthu aone kuti akudziŵa kulemba. Kusaina ndi kunena kuti, "Ndaŵerenga, ndamva, ndavomera." Mukasaina, nkovuta kudzanena maŵa kuti simunadziŵe.

Tiyerekeze kuti mnansi wanu akutenga ngongole ya feteleza ku kalabu, ndipo akupemphani kuti musaine. Yambani mwayang'ana mawu amene ali pafupi ndi mzere wanuwo. Ngati alemba kuti mboni, ntchito yanu ndi kutsimikiza kuti munalipo ndipo munaona. Koma ngati pepalalo likuti mudzabweza ngongole iye akalephera, ndiye kuti mwaika mbuzi zanu pa ngozi. Mzere ndi wofanana, cholembera ndi chomwecho, koma katundu wake ndi wosiyana kutalitali. Ngati pepala lili m'Chingerezi, pemphani munthu amene mumamkhulupirira akumasulireni lonse, osati mutu wokha. Pepala lopanda mawu, loti adzalembapo pambuyo, musasainepo ngakhale wokupatsaniyo ali mbale wanu.

Chidindo ndi cha ofesi kapena cha amfumu, si chanu. Chimasonyeza kuti kalata yatuluka pa malo oyenera. Mukapita kwa amfumu kukatenga kalata ya munda kapena yogulitsira ng'ombe, onetsetsani kuti pali dzina lanu lolembedwa bwino monga lilili pa chiphaso, tsiku, siginecha ndi chidindo. Pemphani kalata yanuyanu yoti musunge. Ikulungeni m'pepala la pulasitiki, muiike m'chitini chotseka bwino, chifukwa kuno ku chigwa chiswe ndi madzi osefukira sizisankha pepala.