Kusintha Rediyeta Yodontha: Luso Lofunika kwa Eni Galimoto a ku Dowa ndi ku Ntchisi

Misewu ya m'maboma a Dowa ndi Ntchisi imathodwetsa injini, chifukwa galimoto yochokera ku Salima pamsewu wa M14 imakwera zitunda zazitali za ku Mvera ndi ku Chezi, ndipo yolowera kunkhalango ya Ntchisi imayenda pang'onopang'ono m'misewu yafumbi ndi yokhotakhota. Pamalo oterewa injini imakoka mwamphamvu pomwe mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa, makamaka m'nyengo yokolola pamene galimoto zimasenza mabelo a fodya opita ku Kanengo kapena matumba a soya ndi mtedza opita ku Mponela. Kudontha kumene sikuoneka koopsa pachigwa kumatha kupha injini pachitunda chimodzi.

Rediyeta ndi chipangizo chokhala kutsogolo kwa injini, chopangidwa ndi timapaipi tambirimbiri, momwe madzi otentha ochokera mu injini amadutsa kuti mphepo iwaziziritse asanabwerere. Injini zambiri zimayenda bwino pa madigiri pafupifupi 90, koma pamalo okwera mamita 1,400 madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100. Chimene chimawaletsa kuwira ndi chivindikiro cha rediyeta, chomwe chimasunga mpweya wopanikizika m'kati kotero kuti madziwo amafika pa madigiri pafupifupi 120 asanawire. Rediyeta ikabooka, kupanikizika kumeneku kumatha, ndipo madzi amayamba kuwira msanga ngakhale atakhala odzaza.

Pachifukwa chimenechi, chizolowezi choyenda ndi chigubu n'kumathira madzi paliponse sichithetsa vuto. Madzi a pamjigo ndi a mumtsinje amasiya miyala ndi dzimbiri m'timapaipi, ndipo sopo, ufa kapena dzira zomwe ena amathiramo pofuna kutseka chiboo zimatsekanso njira za madzi. Rediyeta zakale zamkuwa zinkatheka kuwotcherera, koma galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Sienta ndi Probox, zili ndi rediyeta za aluminiyamu zokhala ndi mathanki apulasitiki, omwe akakalamba amang'aluka, ndipo guluu sakhalitsapo.

Mwini galimoto asanawononge ndalama ayenera kutsimikiza kumene madzi akutulukira, popeza paipi yarabala yong'aluka, chomangira paipi cholefuka, chivindikiro chotha kapena pampu ya madzi yowonongeka zimapereka zizindikiro zofanana. Ngati chinyezi kapena zoyerayera zouma zikuoneka pamsoko wa thanki kapena pakati pa timapaipi, wolakwa ndi rediyeta. Pokagula ina mumzinda wa Lilongwe ndi bwino kunyamula yakaleyo ndi nambala ya chasisi, chifukwa ya galimoto ya otomatiki nthawi zambiri imakhala ndi timapaipi tiwiri towonjezera toziziritsira oyilo wa giyabokosi.

Ntchito yosintha rediyeta imafuna masipanala, pulayazi, sikuludilaiva ndi beseni, ndipo iyenera kuyamba injini itazizira kotheratu, pakuti chivindikiro chotsegulidwa injini ili yamoto chimalavula madzi owira omwe amasupula khungu. Waya wa negetivi amachotsedwa kubatire kuti fani ya rediyeta, yomwe imatha kuyamba kuzungulira yokha, isavulaze zala. Kenaka madzi amakhuthulidwira m'beseni kudzera pa kampopi ka pansi pa rediyeta kapena pomasula paipi yam'munsi, ndipo madziwo akatha, paipi yam'mwamba, kapaipi kopita kubotolo losungira madzi ndi pulagi ya fani zimachotsedwa. Pagalimoto ya otomatiki timapaipi ta oyilo timatsekedwa kukamwa tikangomasulidwa kuti fumbi lisalowe. Mabawuti a zitsulo zogwira rediyeta kumwamba akamasulidwa, rediyeta imanyamulidwa mowongoka, ndipo fani pamodzi ndi marabala okhalira amasamutsidwira ku yatsopano, popeza marabalawa ndi amene amaiteteza ku kugwedezeka kwa m'misewu yokumbika. Pobwezeretsa, zonse zimalowa motsatana kuyambira chimene chinachotsedwa pomalizira, ndipo paipi iliyonse youma kapena yotupa imasinthidwa nthawi yomweyo.

Gawo limene ambiri amalichita mothamanga ndi lothira madzi atsopano. Mu rediyeta muyenera kulowa kulanti, amene ndi madzi a mankhwala oletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira, ndipo ngati ali wosasungunula amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere. Amathiridwa pang'onopang'ono, kenaka injini imalizidwa chivindikiro chisanatsekedwe, hita ili yoyatsa, mpaka thovu la mpweya litasiya kutuluka ndipo paipi yam'mwamba yatentha. Kutentha kwa paipiyo kumasonyeza kuti thermostat, kachitseko kamene kamalola madzi kupita ku rediyeta injini ikafunda, katseguka, ndipo kachitseko kameneka sikayenera kuchotsedwa monga amachitira ena. M'mawa mwake mlingo wa kulanti ndi wa oyilo wa giyabokosi umaonedwanso.

Kulanti wakale ali ndi mankhwala a ethylene glycol, omwe ndi otsekemera koma akupha, choncho sayenera kutayidwa pabwalo pomwe ana, agalu ndi mbuzi angamwe, kapena pafupi ndi chitsime ndi dimba. Amasungidwa m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa, mpaka ataperekedwa kugalaja.

Pali malire a zimene munthu angakonze pakhomo. Ngati utsi woyera ukutuluka kosalekeza, oyilo wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena thovu silikutha mu rediyeta, ndiye kuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko, yodula kwambiri kuposa rediyeta. Mlimi kapena dalaivala amene galimoto yake imadyetsa banja ndi kunyamula odwala a m'mudzi amapindula akasintha rediyeta pamene kudontha kwangoyamba, kusiyana ndi kudikira mpaka injini itafera pachitunda katundu ali pamsana.