Kapepala ka Oweruza Kaposa Mphotho

Pa tchuthi chachikulu cha 2024 ndinali kwathu ku Chiosya, m'boma la Mchinji. Kumeneko makwaya 7 a matchalitchi ang'onoang'ono a m'dera lathu anachita mpikisano wa nyimbo zopeka okha. Lamulo linali lakuti kwaya iliyonse iimbe nyimbo imodzi yatsopano, yopekedwa ndi mmodzi wa iwo. Popeza ine ndinaphunzirako solofa kuno ku seminale, anzanga a m'kwaya ya kwathu anandipempha kuti ndipeke. Ndinapeka nyimbo ya Lenti yonena za mtanda wa Ambuye, ndipo tinaiphunzira masabata atatu. Pa tsiku la mpikisano tinakhala nambala 5.

Mtima unandiwawa kwambiri. Pobwerera kumudzi ena ankati oweruza anakondera, ena ankati chaka chamawa sitidzapitanso. Kapepala kamene oweruza atatu aja anandipatsa ndinangokapinda nkukaika m'thumba la malaya osakawerenga. Amai anga ndiwo anakapeza pochapa, ndipo anati: "Iwe, akuluakulu ataya nthawi yao kukulembera, ndiye ukufuna kathere m'madzi?" Ndinakawerenga tsiku lomwelo. Zimene ndinapezamo ndizo ndikufuna kukufotokozerani, awerengi okondedwa.

Mfundo yoyamba inali ya mau. Chichewa ndi chiyankhulo chimene tanthauzo la liu limatha kusintha malinga ndi mmene takwezera kapena kutsitsira mau. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pa msika timalemba chimodzimodzi, koma timatchula mosiyana: pa woyambawo timakweza mau pa "te", pa winawo sitikweza. Oweruza analemba kuti pamene ndinati "mtengo wa mtanda", maimbidwe anga anatsika pa "te", kotero womvera akanatha kuganiza kuti mtandawo ukugulitsidwa. Anandilangiza kuti ndiziyamba ndayankhula mau a nyimbo mokweza kangapo, ndipo maimbidwe azitsata mayankhulidwewo.

Mfundo yachiwiri inali ya kukwera kwa nyimbo. Sopulano yanga inayambira pa do wapansi, nkudutsa do wapamwamba mpaka kukafika pa so. Amenewa ndi masitepe 12. Anthu wamba m'tchalitchi amaimba momasuka masitepe pafupifupi 8, kuchokera pa do kufika pa do mnzake. Oweruza anafunsa kuti: "Kodi agogo a ku mphakati wanu angaimbe nao nyimboyi, kapena angongokhala chete kumvera kwaya?"

Mfundo yachitatu inandichititsa manyazi koposa. M'kolasi ndinaikamo Aleluya, chonsecho pamutu ndinalemba kuti ndi nyimbo ya Lenti. Tonse tikudziwa kuti kuyambira Lachitatu la Phulusa mpaka Usiku wa Pasaka Eklezia saimba Aleluya. Ine mseminale ndinaiwala, ndipo anzanga onse m'kwaya sanazindikire, chifukwa ankakoma nao kamvekedwe.

Sanalembe zoipa zokhazokha ai. Anayamikira kuti kolasi inali yosavuta kugwira, ndi kuti ng'oma, imene tinatengera ku chimtali cha amai a kwathu, inagwirizana bwino ndi mapazi a anthu.

Nanga nchifukwa chiyani ndikuti kapepala kotere kaposa mphotho? Choyamba nchakuti wopeka nyimbo sadzimva yekha. Nyimbo waiimba mumtima kambirimbiri, khutu lake lazolowera ngakhale polakwika. Anzake ndi abale ake amaopa kumkhumudwitsa, amangoti "yakoma". Woweruza amaimva koyamba monga mmene mpingo udzaimvere, ndipo alibe chifukwa chokunyengerera.

Chachiwiri nchakuti malikisi paokha saphunzitsa kanthu. Nambala 5 inangondiuza kuti makwaya 4 anatiposa. Sinandiuze pokonza. Pa mpikisano uliwonse wopambana amakhala mmodzi. Ngakhale nyimbo ya fuko lathu inapezeka motero: mu 1964 panali mpikisano, ndipo inasankhidwa ya Michael Sauka, amene anapeka mau ndi maimbidwe omwe. Dziko linkafuna nyimbo imodzi basi. Koma mpikisano wa makwaya a pa parishi cholinga chake nchina: tikufuna opeka nyimbo ambiri, kuti tchalitchi chilichonse chikhale ndi nyimbo zabwino. Ngati olephera abwerera kwao ndi nambala yokha, mpikisano wathandiza kwaya imodzi, enawo wangowapatsa nkhani yodandaula.

Chachitatu nchakuti nyimbo ya m'tchalitchi ndi pemphero, ndipo Eklezia ali nao muyeso wake. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha za chipembedzo chotchedwa Sacrosanctum Concilium. Ndime 119 imalimbikitsa kuti maimbidwe a makolo a mitundu ya anthu alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera m'mapemphero. Ndime 121 imapempha opeka nyimbo kuti asaganizire makwaya akuluakulu okha, koma ang'onoang'ono omwe ndi mpingo wonse, ndiponso kuti mau agwirizane ndi chiphunzitso cha Chikatolika, atengedwe makamaka m'Malembo Oyera ndi m'mapemphero a Eklezia. Nditawerenga ndime zimenezi ndinaona kuti oweruza aja sanandide. Zimene anayamikira ndi zimene anadzudzula zinachokera pa muyeso womwewu.

Izi sizitanthauza kuti woweruza salakwa. Mmodzi mwa atatu aja analemba kuti besi yanga inali yophweka kwambiri, ndiionjezere zokometsera. Nditabwerera kuno ndinaonetsa kapepalako kwa Abambo amene amatiphunzitsa kuimba. Iwo anati mfundo zitatu zija nzoona, koma besi ndiisiye choncho, chifukwa kwathu abambo oimba besi alipo awiri okha ndipo sawerenga solofa. Ndinaphunzirapo kuti malangizo timawalandira ndi manja awiri, kenaka nkuwapeta ngati mphale, mothandizidwa ndi wodziwa.

Tsono ndili ndi pempho. Kwa ansembe athu ndi makomiti okonza mipikisano: musamangolengeza manambala. Kwaya iliyonse ilandire kapepala kolembedwa m'Chichewa chomveka, kotchula mzere weniweni wolakwika ndi njira yokonzera. Mau akuti "yesetsani" sathandiza munthu, ndipo mau onyoza amapha mphatso ya mwana. Kwa makolo: mwana akabwera wolephera, musamthandize kutukwana oweruza, mfunseni zimene amlembera. Kwa aseminale anzanga: ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe ndipo tidzaitanidwa kukaweruza makwaya. Amene sanazolowere kudzudzulidwa lero sadzadziwa kudzudzula mwachikondi mawa.

Nyimbo ija ndinaikonza. Ndinatsitsa sopulano, ndinakweza "te" pa mtengo, ndipo Aleluya ndinachotsa. M'Lenti ya 2025 kwaya ya kwathu inaiimba pa Njira ya Mtanda, ndipo amai anandiuza kuti ngakhale agogo anga ankavomera kolasi. Anzanga aja amene ankati sadzapitanso ku mpikisano ndinawawerengera kapepala konse. Ambiri avomera kuti tidzapitenso. Zoonadi, mau a akulu akoma akagonera.