Wotsatsa malonda amalemekezeka akabwera ndi umboni

M'makampani a zaukadaulo, akatswiri opanga zinthu zatsopano kawirikawiri amaona otsatsa malonda ngati anthu ongomata zikwangwani. Maganizo otere amasintha otsatsawo akabweretsa umboni wa momwe makasitomala akugwiritsira ntchito chinthucho.

Chitsanzo ndi M-Pesa ya ku Kenya. Poiyesa mu 2005, cholinga chinali choti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono kudzera pafoni. Koma anthuwo anayamba kutumizirana ndalama. Safaricom inatsata zimenezo, ndipo poikhazikitsa mu 2007, uthenga wake unali umodzi wokha: kutumiza ndalama kumudzi.

Kuno kwathu, Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013. Kwa Mwase ku Kasungu, tenanti wa pa esiteti amalandira malipiro ake kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ku okushoni ngati wa Chinkhoma. Ejenti akasowa ndalama zokwanira nyengo imeneyo, kasitomala amataya chikhulupiriro, ngakhale netiweki ili bwino.

Wotsatsa amene amadziwa nyengo zimenezi, n'kuzifotokoza ndi ziwerengero chinthu chisanapangidwe, ndiye amene akatswiri aja amamumvera.