Namwino akatenga choko, odwala atsala ndi yani?

M'sukulu za ku Japan muli kachipinda kamene mwana aliyense amakadziwa ngakhale atangoyamba kumene sukulu. Mumakhala mabedi angapo, sikelo, mabandeji ndi mankhwala otsukira zilonda. Eni akewo amakatcha hokenshitsu, ndipo woyang'anira wake amatchedwa yogo kyoyu. Ntchito yake ndi ya namwino wa pasukulu, koma malamulo a dzikolo amamuwerengera m'gulu la aphunzitsi.

Kuyambira m'chaka cha 1998, munthu ameneyu ali ndi chilolezo chotuluka m'kachipindako, kutenga choko n'kukaima kutsogolo kwa kalasi. Vuto lagona apa: pa nthawi imene iye ali kalikiliki kuphunzitsa, mwana amene wathyoka mkono pabwalo kapena wakomoka akapeza ndani?

Ntchitoyi idayamba ndi maso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, matenda a trachoma, omwe aja kuno ku Malawi adalengezedwa mu 2022 kuti salinso chiwopsezo, adavuta kwambiri pakati pa ana a ku Japan. Mu 1905 sukulu zina za m'chigawo cha Gifu zidalemba anamwino kuti azitsuka ana m'maso. Iwo sadali aphunzitsi ayi, adali aganyu a zachipatala chabe. Koma ana samadwala maso okha, choncho ntchito idanka ikukula. Mu 1941 boma lidawalowetsa m'gulu la aphunzitsi, ndipo lamulo la maphunziro la mu 1947 ndi limene lidawapatsa dzina lomwe ali nalo mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti kuti munthu akhale yogo kyoyu sipafunika satifiketi ya unamwino. Ena ali nayo, koma ambiri amangodutsa ku yunivesite n'kutenga chiphaso chapadera cha uphunzitsi wa mtunduwu. Sapima matenda ngati dokotala. Amapereka chithandizo choyamba, amakonza zoti ana onse apimidwe m'thupi chaka chilichonse pasanathe pa 30 June, amalondoloza matenda opatsirana, ndiponso amamvetsera madandaulo a ana.

Kwa zaka zambiri phunziro la zaumoyo lidali m'manja mwa aphunzitsi a makalasi ndi a zamasewera. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1990 pamene nkhani za kuzunzana pakati pa ophunzira, mankhwala ozunguza bongo ndi kujomba kusukulu zidafika povuta. Mu 1997 bungwe lolangiza unduna wa zamaphunziro lidati ntchito ya yogo kyoyu ikhudzenso kulangiza ana ovutika mumtima. Chaka chotsatira lamulo la ziphaso za aphunzitsi lidasinthidwa: aliyense amene wagwira ntchitoyi zaka zitatu kapena kuposerapo akhoza kupatsidwa kalata yomuloleza kuphunzitsa zaumoyo pasukulu yake.

Maola ake si ambiri. Ku pulayimale ana amaphunzira zaumoyo pafupifupi mapiriyodi 8 m'giredi 3 ndi 4 pamodzi, ndi ena 16 m'giredi 5 ndi 6. M'zaka zitatu zotsatira mapiriyodi amakwana pafupifupi 48. Koma mitu yake ndi ija aphunzitsi ambiri amachita nayo manyazi. M'giredi 4 muli nkhani ya kusintha kwa thupi ndi kutha msinkhu. M'giredi 5 muli nkhawa ndi kupewa ngozi. M'giredi 6 muli fodya, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Apa ndiye namwino amawaposa anzake. Iye sadalira buku lokha. Amadziwa kuti ndi ana angati amene amabwera m'mawa mutu ukuwawa chifukwa chogona mochedwa, ndi angati amabwera osadya kanthu, ndiponso ndi pangodya iti ya bwalo pamene ana amavulala kawirikawiri. Mtsikana amene wamva nkhani ya kusamba kuchokera pakamwa pa namwino m'kalasi sangavutike kukagogoda pakhomo pake tsiku limene zamugwera. Komanso mwana amene sadwaladwala, yemwe mwina akadamaliza sukulu osalankhulapo naye, amayamba kumudziwa.

Komatu pali chimene chimatayika. Ana ambiri amakonda hokenshitsu chifukwa ndi malo okhawo pasukulu pamene palibe wowapatsa malikisi. Namwino akayamba kuchonga mayeso, amasanduka mphunzitsi ngati ena onse, ndipo mwana amene walephera pepala lake akhoza kuganiza kawiri asanakamuululire zakukhosi.

Nkhaniyi si yaing'ono ku Japan. M'chaka cha sukulu cha 2023, ana oposa 346,000 a ku pulayimale ndi makalasi oyambirira a sekondale adajomba masiku 30 kapena kuposerapo pa zifukwa zimene sizidali matenda kapena umphawi. Ena mwa ana ovutika chotere amalimba mtima n'kufika pasukulu, koma osalowa m'kalasi. Amakhala tsiku lonse m'chipinda cha namwino, ndipo mchitidwewu uli ndi dzina lakelake, hokenshitsu toko. Kwa mwana wotere, kupeza chitseko chotseka ndi kapepala kakuti namwino ali kukalasi kungakhale kokwanira kumubweza kunyumba.

Palinso ngozi zimene sizidikira belu. Mu December 2012, mtsikana wa giredi 5 adamwalira pasukulu ina mumzinda wa Chofu ku Tokyo atadya chakudya cha pasukulu chomwe chidali ndi tchizi, pomwe thupi lake lidali losagwirizana ndi zamkaka. Imfayi siidabwere chifukwa choti namwino adali kukaphunzitsa, koma idakumbutsa dziko lonse kuti pa matenda ena mphindi zochepa zokha ndi zimene zimasiyanitsa moyo ndi imfa.

Unduna udaliona vutoli kuyambira pachiyambi, ndipo mu 1998 udachenjeza sukulu kuti kuphunzitsaku kusagwetse ntchito ya m'chipinda cha odwala. Kunena n'kosavuta. Sukulu zambiri zili ndi yogo kyoyu mmodzi yekha. Ndondomeko ya mu 2001 idati wachiwiri aziperekedwa pokhapokha pulayimale ikafika ana 851, kapena ana 801 pa sekondale ya makalasi oyambirira. N'chifukwa chake ambiri amasankha njira ya pakati: amalowa m'kalasi limodzi ndi mwini kalasiyo, n'kuphunzitsa mutu umodzi kapena iwiri, mphunzitsi wina atatsala akuyang'anira chipinda chija. Wotsalayo akhoza kumata bandeji, koma sikuti angazindikire msanga kuti kupweteka kwa m'mimbaku n'kofunika ambulansi.

Dziko loyandikana nalo la South Korea lidakumana ndi zomwezi. Kumeneko lamulo la zaumoyo m'sukulu lidasinthidwa mu 2007, ndipo aphunzitsi a zaumoyo, omwe amayenera kukhala ndi chiphaso cha unamwino, adayamba kuphunzitsa m'makalasi mu 2009. Madandaulo a zipinda zotsala zopanda munthu sadachedwe kumveka. Mu 2021 boma lidalamula kuti sukulu ya makalasi 36 kapena kuposerapo izikhala ndi aphunzitsi a zaumoyo awiri.

Kuno kwathu nkhaniyi idayenda chafutambuyo. Popeza sukulu zambiri za boma zilibe namwino, m'boma la Zomba pakati pa 2013 ndi 2015 adayesa kuphunzitsa aphunzitsi a pulayimale kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala a LA pasukulu pomwepo, mothandizana ndi bungwe la Save the Children. Mphunzitsi akapita kukabaya chala cha mwana wotentha thupi, chimene chinkatsala chopanda mwini chidali kalasi.